CINSINSI CA MATENDA ANU CIKATULUKA KUNJA

Kale munthu akapita ku cipatala, dzina lake ndi nthenda yake zinali kulembedwa m'buku lalikuru, ndipo mbala yofuna kudziwa cinsinsi ca wodwala inayenera kuthyola citseko. Masiku ano m'zipatala zambiri za Boma mbiri ya wodwala isungidwa pa kompyuta m'dongosolo lochedwa SmartCare, ndipo kucokera mu 2019 ambiri analembetsanso ku bungwe la inshuwalansi ya za umoyo la NHIMA. Motero mlimi wa ku Chikupi, msodzi wa ku Chanyanya kapena mai wa ku Nangongwe akapita kukalandira mankhwala pa Kafue, asiya kumeneko dzina lake, nambala ya reji, nambala ya lamya ndi zotsatira za kupimidwa magazi.

Makina awa athandiza kwambiri, pakuti dotolo aona msanga mankhwala amene wodwala analandira caka catha, ngakhale khadi litatayika. Koma walira mvula walira matope. Mbala ya lero ikhoza kuba mbiri ya anthu zikwi zambiri iri khale m'dziko lina. Mu October 2022 akuba otere analowa m'makompyuta a kampani ya inshuwalansi ya Medibank ku Australia natenga mbiri ya anthu pafupi-fupi 9.7 miliyoni. Kampaniyo itakana kuwapatsa ndalama, iwo anaulutsa matenda a anthu ena pa intaneti. Kuno kwathu, mu May caka comweco, akuba a mtundu uwu analowerera makompyuta a Bank of Zambia.

Komanso cinsinsi cikhoza kutuluka popanda mbala yakutali. Wanchito wosasunga pakamwa akhoza kuuza mnzake pa msika, kapena kujambula khadi la wodwala ndi foni nkulitumiza pa WhatsApp. Zotsatira zake nzowawa. Mkazi asekedwa pa citsime, ukwati ugwedezeka, mwamuna acotsedwa nchito, ndipo wina, poopa manyazi, aleka kupita kukatenga mankhwala a ma ARV kapena a cifuwa ca TB, nayika moyo wake pa ngozi.

Lamulo liri kumbali ya wodwala. Ndime 17 ya malamulo akuru a dziko lino iteteza cinsinsi ca munthu, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Data Protection Act, nambala 3 ya caka cimeneco. Lamuloli liika mbiri ya umoyo wa munthu m'gulu la zinthu zofunika kusungidwa mosamala koposa. Linakhazikitsanso ofesi ya Data Protection Commissioner, amene alandira madandaulo a anthu. Bungwe liri lonse losunga mbiri ya anthu, la Boma kapena la eni ake, likaberedwa liyenera kudziwitsa Komishinala pasanapite maola 24, ndi kuuzanso mwini mbiriyo mosacedwa. Muli ndi ufulu wofunsa zimene analemba za inu ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe.

Tsono mukamva kuti mbiri yanu yatuluka, coyamba cenjerani ndi lamya. Akathyali amene adziwa dzina lanu ndi nthenda yanu akhoza kuyimba nati, “Ndife a ku cipatala, tumizani ndalama kuti mankhwala anu abwere.” Musatumize. Nambala yacinsinsi ya Airtel Money, MTN MoMo kapena ya ku banki musauze munthu ali yense, ndipo ngati mukayika, isintheni tsiku lomwelo. Nambala ya wakuba ikhoza kunenezedwa ku ZICTA pochaya *707#. Wina akakuopsezani kuti adzaulula matenda anu mukapanda kumlipira, pitani ku polisi, cifukwa wopatsidwa lero adzabweranso mawa.

Caciwiri, sungani umboni. Uthenga wa pa foni musaufafanize. Lembani m'kabuku tsiku, dzina la amene anakuuzani, mau amene ananena, ndi anthu amene analipo. Sungani kalata yocotsedwera nchito ndi malisiti a ndalama zonse zimene mwataya. Amene sadziwa kulemba apemphe mwana wodalirika amlembere. Mlandu wopanda mboni ndi wobvuta pa bwalo la a nyakwawa, ndipo ndi wobvutanso ku khoti.

Cacitatu, lemberani kalata mkulu woyang'anira cipatala kapena kampani imene inasunga mbiri yanu, mufunse cimene cinatuluka, tsiku lake, ndi amene anaciona. Kalata ina yofanana nayo itsale kwa inu. Yankho likapanda kubwera, kapena likakhala losagwira mtima, tumizani dandaulo kwa Komishinala ku Lusaka. Ngati woulula ndi dotolo kapena wopima magazi, kuli bungwe la Health Professions Council of Zambia. Ngati ndi namwino kapena mzamba, kuli Nursing and Midwifery Council of Zambia. Mabungwe awa ali ndi mphamvu yolanga anchito awo, koma sindiwo agamula za cipepeso.

Cipepeso cigamulidwa ndi khoti. Lamulo la 2021 linena kuti munthu amene wapwetekedwa cifukwa ca kuphwanyidwa kwa ufulu wake akhoza kulandira malipiro kucokera kwa wosunga mbiriyo, monga momwe khoti lidzaonere. Ndiye cifukwa cake umboni wa zimene munataya uli wofunika. Amene alibe ndalama za loya apite ku Legal Aid Board, bungwe la Boma lothandiza osauka pa milandu, ndipo apite msanga, pakuti lamulo liika malire a nthawi yosumira.

Ena adzati munthu wamba sangapambane mlandu ndi Boma. Koma mu 2010 Khoti Lalikuru la ku Livingstone linaweruza mlandu wa amuna awiri amene kale anali m'gulu la Zambia Air Force, amene anapimidwa HIV popanda cilolezo cao. Woweruza Elizabeth Muyovwe anapeza kuti ufulu wao wa cinsinsi unaphwanyidwa, nalamula kuti ali yense apatsidwe K10 miliyoni ya ndalama zakale, ndiyo K10,000 ya ndalama za tsopano. Mlanduwo sunali wa makompyuta, koma unaonetsa kuti za m'thupi la munthu ziri ndi mwini wake pamaso pa lamulo.

Cotsiriza, abale, musaleke kupita ku cipatala cifukwa ca mantha awa. Anamwino ndi madotolo ambiri asunga lumbiro lao mokhulupirika. Khadi lanu lisungeni pamodzi ndi reji, osati pa thebulo pamene mlendo ali yense aliwerenga. Ndipo popereka dzina ndi nambala yanu, funsani mwaulemu kuti, “Kodi zimenezi zidzaonedwa ndi yani?” Safunsa anadya phula.