Kavalo Wampikisano Naye Ali ndi Sabata Lake

Alimi anzanga, lero ndikupemphani kuti tichokeko pang'ono m'munda wa chimanga ndi fodya, tikambe za chiweto chimene ambiri a ife timangochiona pa zithunzi, ndicho kavalo. Wina afunsa kuti nkhani ya akavalo ikufunanji pa tsamba la alimi a kuno, kumene akavalo ndi owerengeka. Yankho langa ndi lakuti abale athu ambiri amene anapita ku South Africa akupeza ndiwo za ana awo posamala akavalo m'makola a kumeneko. Komanso phunziro la nkhaniyi likukhudza ng'ombe zapagoli ndi abulu amene tili nawo pakhomo.

Msuweni wanga wina amagwira ntchito pa khola la akavalo odumpha mipanda kufupi ndi Johannesburg. Tsiku lina anandiimbira lamya mawu ali njenjenje. Kavalo wina wodula kwambiri, amene iye amamusamala, anali atagwira ntchito yolemetsa masiku asanu ndi limodzi otsatizana pokonzekera mpikisano. Lamulungu antchito onse anapuma, ndipo kavaloyo anatsekeredwa m'khola tsiku lonse, koma chakudya chake chambewu anapatsidwa chonse monga mwa masiku a ntchito. Lolemba m'mawa atangothamanga pang'ono anaima chilili, thukuta lili kamukamu, miyendo yakumbuyo itauma gwa, ndipo mkodzo wake unali wakuda ngati khofi. Mwini kavalo analoza chala msuweni wangayo, ntchito ili pafupi kutha.

"Asuweni, inu munapita kusukulu ya ulimi, tandiuzani, ndinalakwa pati? Kavaloyu ndinamupumitsa, ndinamudyetsa bwino," anatero.

Ndinamuyankha kuti cholakwika chinali pa ndondomeko ya khola lonselo, chifukwa panalibe munthu amene anakhala pansi n'kukonza tsiku lopuma la kavaloyo. Linangokhala tsiku limene anthu kulibe. Maganizo anga ndi akuti aliyense wolemba ndondomeko ya ntchito ya kavalo wampikisano ayenera kuyamba walemba masiku opuma, kenaka n'kumaika masiku a ntchito yolemetsa pakati pake. Tsiku lopumalo likhalenso ndi chakudya chake ndi kayendedwe kake.

Chifukwa chake tingachimvetse tikaganizira feteleza. Feteleza timathira tsiku limodzi, koma chimanga chimabiriwira masiku otsatirawo. Munthu wothira feteleza tsiku ndi tsiku pa phando lomwelo amatentha mbewu. Ntchito yolemetsa kwa kavalo ili chimodzimodzi. Pamene akuthamanga kapena kudumpha, minofu yake imang'ambika pang'onopang'ono, mafupa amachita timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo mphamvu yosungidwa m'thupi imatha. Thupi limakonza zonsezi pa nthawi yopuma, ndipo pokonzapo limamanga molimba kuposa kale. Kavalo akamanidwa nthawi imeneyi, timing'alu ta lero timakumana ndi ta mawa, mpaka tsiku lina fupa kapena mtsempha n'kugonja.

Pali zinthu ziwiri zimene wosamala kavalo ayenera kudziwa. Choyamba ndi chakuti kavalo amachedwa kubwezeretsa mphamvu kuposa munthu. M'minofu mumasungidwa shuga amene chiweto chimagwiritsa ntchito pa liwiro. Munthu wothamanga akadya bwino, nkhokwe imeneyi imadzaza m'tsiku limodzi. Kavalo zimamutengera masiku awiri kapena atatu, ngakhale adye motani. Choncho kumuthamangitsa kwambiri Lachiwiri n'kubwerezanso Lachitatu kuli ngati kutunga pa chitsime chimene sichinadzaze.

Chachiwiri ndi chakuti ziwalo za kavalo sizikhwimira pamodzi. Mtima ndi minofu zimazolowera ntchito m'masabata ochepa. Mafupa ndi mitsempha yolimba ya m'miyendo, imene imalumikiza minofu ku mafupa, zimafuna miyezi. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kavalo amaoneka wojintcha, ubweya uli phuliphuli, akufuna yekha kuthamanga, pamene miyendo isanakonzeke kusenza liwirolo. N'chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mtsempha wa kuseri kwa mwendo wakutsogolo ukang'ambika, kavalo amatha kukhala miyezi 9 kapena chaka osapikisana, ndipo ambiri amavulalanso pomwepo akabwerera.

Ku America, pa bwalo la mjaha la Santa Anita m'chigawo cha California, akavalo 30 anafa pakati pa Disembala 2018 ndi Juni 2019. Zifukwa zimene anthu anatchula zinali zingapo, kuphatikizapo mvula yambiri imene inaononga bwalo. Koma madokotala a ziweto a m'chigawocho, amene akhala akupima mitembo ya akavalo ofera pa mabwalo kwa zaka zambiri, anaonetsa kale kuti mafupa ambiri othyoka pa liwiro amakhala ali ndi chilema chakale pamalo pomwepo. Tinganene kuti mwendo umathyoka tsiku la mpikisano, koma unayamba kuthyoka masabata apitawo.

Akuluakulu oyendetsa masewerowa nkhaniyi anaiona mpaka kuiika m'malamulo. Pali mpikisano wina woyenda mtunda wautali, monga uja wa ku Fauresmith m'chigawo cha Free State ku South Africa, kumene akavalo amayenda makilomita pafupifupi 200 m'masiku atatu. Pa mipikisano yotere kavalo amaimitsidwa panjira kuti dokotala amupime, ndipo m'malamulo a bungwe la FEI, limene limayang'anira masewero a akavalo pa dziko lonse ndipo likulu lake lili ku Lausanne, mtima uyenera kutsika kufika pa 64 pa mphindi asanaloledwe kupitiriza. M'malamulo a bungweli a 2020, kavalo amene wayenda mtunda wosapitirira makilomita 54 saloledwa kupikisananso mpaka patapita masiku 5, ndipo amene wayenda makilomita 160 ayenera kudikira masiku 33. Akachotsedwa pa mipikisano mobwerezabwereza chifukwa chotsimphina, masikuwo amaonjezedwa. Lamuloli linabwera chifukwa eni akavalo akasiyidwa okha, mtima wofuna chikho umaposa chisoni.

Tsono kupuma kwake kotani? Apa ndi pamene khola la msuweni wanga linaphonya. Matenda amene anagwira kavalo uja ndi akale. Azungu anawatcha Monday morning disease, kutanthauza matenda a Lolemba m'mawa, m'masiku amene akavalo ankakoka ngolo ndi makasu ku Ulaya. Akavalowo ankaima m'khola Lamulungu akudya mbewu zokwanira tsiku la ntchito, ndipo Lolemba minofu ya m'matako inkauma atangoyamba kukoka. Mkodzo umada chifukwa cha zinthu zochokera m'minofu yoonongekayo, ndipo zimenezi zingathe kuononga impso. Kavalo wotere sakakamizidwa kuyenda. Amaimitsidwa pomwepo, n'kuitana dokotala wa ziweto.

Kavalo analengedwa kuti aziyenda ndi kudya udzu maola ambiri pa tsiku. Kumutsekera m'kachipinda tsiku lonse kumatupitsa miyendo, kumachedwetsa matumbo, ndipo kumamusowetsa mtendere. Tsiku lopuma labwino ndi limene kavalo watulutsidwa kumsipu wotchingidwa kuti aziyenda yekha, azigubuduka m'fumbi ndi kuonana ndi anzake. Kumene kulibe msipu, amugwire chingwe ndi kuyenda naye mphindi 20 kapena 30, m'mawa ndi madzulo. Chakudya chambewu chichepetsedwe, mwina ndi theka, kuyambira madzulo a dzulo lake. Udzu wokha usachepetsedwe. Kavalo wolemera makilogalamu 500 amafuna udzu wouma wosachepera makilogalamu 7 kapena 8 pa tsiku, chifukwa m'mimba mwake mukakhala mopanda kanthu mumachita zilonda, vuto limene lili ponseponse pakati pa akavalo a mjaha. Madzi akhalepo nthawi zonse, ndi mchere, poti pa ntchito yolemetsa kukatentha kavalo amatha kutaya malita 10 kapena kuposerapo a thukuta pa ola limodzi. Pogona pakhalenso pouma ndi potakasuka. N'zoona kuti kavalo amawodzera ataimirira, koma tulo tofa nato amagona atagona pansi.

Ndondomeko imene ndinamupatsa msuweni wanga kuti akaonetse abwana ake inali yotere. Ngati mpikisano uli Loweruka, Lamulungu kavalo apite kumsipu. Lolemba ayende pang'onopang'ono ndi womukwera. Lachiwiri achite ntchito yapakatikati yophunzira luso. Lachitatu ndilo tsiku la ntchito yolemetsa. Lachinayi ayende chabe, Lachisanu achite zopepuka zotakasa thupi. Motero pa sabata pali masiku awiri okha olemetsa, otalikirana, tsiku limodzi lopumiratu ndi masiku ena opepuka. Pakatha masabata atatu kapena anayi a ntchito yotere, pakhale sabata lathunthu lopepuka, ndipo nyengo ya mipikisano ikatha apume masabata angapo kumsipu. Kavalo wamng'ono, wokalamba kapena amene wayenda ulendo wautali pa galimoto aonjezeredwe, pakuti kuima m'galimoto yoyenda maola ambiri nakonso n'kotopetsa.

Pepala lokha silikwanira, kavalo mwini ayenera kufunsidwa. M'mawa uliwonse wosamala agwire miyendo yonse inayi kuti amve ngati pali potentha kapena potupa. Aone ngati chakudya chatha m'chodyera. Awerenge kugunda kwa mtima, kumene kwa kavalo wopuma kumakhala pakati pa 28 ndi 44 pa mphindi, ndi kutentha kwa thupi, kumene kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5. Zimenezi zilembedwe m'kope tsiku ndi tsiku. Mtima ukakwera kuposa masiku onse, kapena kavalo wofatsa akayamba kukana chishalo ndi kutembenuza makutu, tsiku limenelo likhale lopuma ngakhale pepala likunena zina. Munthu woyamba kuona zizindikirozi ndi wosesa m'khola, choncho eni akavalo aphunzire kumumvera.

Ndikudziwa kuti ena atsutsa. Adzati kavalo amadya ndalama tsiku lililonse, ndiye tsiku losagwira ntchito ndi kuluza, komanso mphamvu zimene anazipeza movutikira zidzatsika. Kavalo sataya mphamvu msanga ngati munthu. Masiku awiri kapena atatu sachotsa kanthu pa mtima ndi mapapo ake. Ndipo tikawerengera, masiku opuma 52 pa chaka ndi ochepa poyerekeza ndi miyezi 9 ya mtsempha wong'ambika, pamodzi ndi ndalama za dokotala. Ena adzati kavalo wopuma amachita ukali, amagwetsa womukwera. Zimenezo zimachitika akatsekeredwa ndi kukhutitsidwa mbewu. Amene wayenda kumsipu amabwerako wofatsa.

Pali mfundo imodzi imene otsutsa akunena zoona, ndipo ndiyenera kuivomereza. Kupuma kwa nthawi yaitali kuli ndi ngozi yake. Kavalo akakhala mwezi kapena iwiri osagwira ntchito, mafupa amafewerako pamene thupi likuchotsa fupa lakale kuti liikepo latsopano. Kumubwezera pa liwiro mwadzidzidzi nthawi imeneyi kungathyole mwendo. Wochokera ku tchuthi chachitali ayambe ndi kuyenda, kenaka kuthamanga pang'ono, ntchito n'kumakwera sabata ndi sabata. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.

Tibwerere kwathu tsopano. Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala kapena Disembala, ng'ombe zapagoli zimakhala zitaonda ndi chilimwe, koma ndi nthawi yomweyo imene timazifuna kwambiri. Zikatha kulima munda wathu timazibwereketsa kwa anansi, Loweruka zikoke ngolo kupita kumsika, Lamulungu zikatute mchenga. Abulu a ku Lilongwe, Dedza ndi Mchinji nawo amakoka ngolo sabata lonse zilonda zili pakhosi. Ng'ombe igwire ntchito maola anayi kapena asanu m'mawa kusanatenthe, ipeze nthawi yodya ndi yobzikula, imwe madzi okwanira, ipatsidweko madeya, ndipo pa sabata ipumeko tsiku limodzi kapena awiri. Ya chilonda cha goli isamangidwe mpaka chitapola. Mlimi amene wataya ng'ombe imodzi pakati pa dzinja wataya goli lonse, ndipo munda wake udzalimidwa mochedwa.

Kavalo wa msuweni wanga anachira patapita masabata angapo, ndipo mpikisano umene ankamukonzera unamudutsa. Ntchito ya msuweniyo inapulumuka chifukwa dokotala anafotokozera mwini kavalo chimene chinachitika. Pano pa chitseko cha khola lililonse pali pepala la sabata, ndipo Lamulungu pamakhala munthu mmodzi wotulutsa akavalo ndi kuyeza chakudya.

Pempho langa kwa abale amene muli m'makola a ku South Africa ndi lakuti musaope kunena mukaona mwendo watentha, ndipo sungani kope lanu, chifukwa ndilo mboni yanu tsiku la mlandu. Kwa inu alimi anzanga a kuno, dzinja lisanafike khalani pansi ndi a m'banja mwanu, mugwirizane masiku amene goli lidzakhale pa mtanda, ndipo anansi obwereka muwauziretu.