Mabanki asamangoloza chala kasitomala akaberedwa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule m'malo mwa Amalawi anzanga amene tikugwira ntchito kuno ku Durban, ena m'nyumba za mabwana, ena pamakina osokera ku Overport ndi ku Isipingo.

Mlamu wanga ndi telala. Tsiku lina masana netiweki inangochoka pafoni yake, iye n'kumati mwina ndi vuto la magetsi. Pofika madzulo, ndalama zonse zimene ankasunga kuti atumize ku Mangochi zogulira feteleza zinali zitapita. Akuba anasamutsira nambala yake pa SIM khadi ina, ndiye manambala achinsinsi amene banki imatumiza ankafikira m'manja mwawo. Atapita ku banki, anamuuza mwaulemu ndithu kuti ayambe wakatenga nambala ya mlandu kupolisi. Munthu amene mapepala ake okhalira m'dziko muno akudikira kuwonjezeredwa masiku salowa papolisi mwachisawawa. Anangobwerera kunyumba manja ali m'khosi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti banki imamudziwa kasitomala wake. Imadziwa kuti uyu amatapa pang'onopang'ono kumapeto kwa mwezi, amagula ufa ndi mayunitsi, basi. Nanga akaunti yotereyi ikayamba kukhuthulira zonse kwa munthu wachilendo, patangopita maola ochepa SIM khadi itasinthidwa, makompyuta awo aja amakhala akugona? Kuimitsa ndalamazo tsiku limodzi n'kufunsa kaye mwini wake sikungagwetse banki iliyonse. Chiyambire njira yotumizira ndalama ya PayShap mu 2023, ndalama zimachoka m'kuphethira kwa diso, koma wakuberedwa akaimba foni amayamba wamvera nyimbo, kenako mawu a makina m'Chingerezi.

Mabanki amati tisamapereke zinsinsi zathu. Chabwino. Koma mu 2020 bungwe la mabanki loona za umbava la SABRIC linalengeza lokha kuti mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni zinatuluka ku kampani ya Experian. Wakuba akakuimbira akutchula dzina lako lonse ndi nambala ya chiphaso chako, n'kunena kuti akuchokera ku nthambi yoteteza ndalama, ndani sangakhulupirire? Komanso ndalama zobedwazo sizigwera m'nyanja ayi, zimalowa mu akaunti ina imene banki inatsegula yokha, itaona ndi mapepala omwe.

Ku Britain, kuyambira pa 7 Okutobala 2024, lamulo limakakamiza mabanki kubwezera munthu amene wapusitsidwa n'kutumiza ndalama kwa akuba, mpaka mapaundi 85,000, ndipo banki yotumiza ndi yolandira zimagawana chipukuta misozicho pakati. Banki ikadziwa kuti ilipira m'thumba mwake, imatsegula maso. Kunonso zitero.

Pempho langa kwa mabanki ndi ili: ikani munthu woyankha foni usiku ndi usana, amene angatseke akaunti pompopompo osayamba wafunsa za kupolisi. Machenjezo anu azibweranso m'Chizulu ndi m'zilankhulo za ife alendo, popeza ndalama zathu mumalandira ndi manja awiri.

Kwa abale anga, netiweki ikangochoka mosadziwika bwino, bwerekani foni muimbire banki nthawi yomweyo. Banki ikakukanirani, kadandauleni ku National Financial Ombud Scheme, yomwe inayamba ntchito mu 2024. Kumeneko salipiritsa.

Wodandaula,
Durban