Cocker spaniel: galu wanzeru amene ulova umamuwononga

Pa 7 Julayi 2005 zigawenga zinaphulitsa mabomba m'sitima zitatu zoyenda pansi pa nthaka ndi m'basi imodzi mumzinda wa London, ndipo anthu 52 anaphedwa. Pa Tavistock Square, pomwe basi inasasuka denga, ovulala ankabuula koma panali mantha oti mwina bomba lina latsalira m'katimo. Amene anatsogola anali galu wa apolisi, dzina lake Jake. Iye ndi wapolisi womuyendetsa anafufuza njira yonse mpaka kukalowa m'basimo, kuti achipatala afikire ovulala mosaopa. Atachoka apo anakafufuzanso m'njanji ya pansi, pakati pa Russell Square ndi King's Cross. Mu 2007 bungwe losamalira ziweto la PDSA linamupatsa mendulo yagolide.

Jake sanali chigalu chamantha ngati zija zimayenda ndi alonda usiku. Anali cocker spaniel wa ku England, galu wofika m'mawondo, wolemera makilogalamu 13 kapena 14, wamakutu aatali olendewera ndi mchira wosatopa kugwedezeka.

Cocker spaniel ali ndi mbiri ziwiri, ndipo zonse n'zomulakwira. Ena amamuona ngati chidole cha pa sofa, chongoyenera kupesedwa ndi kujambulidwa. Ena amati ndi wamisala, amalusa mwadzidzidzi n'kuluma mwini wake. Zoona zake n'zakuti uyu ndi galu wantchito, ndipo mavuto ake ambiri amayamba akasowa chochita.

Kuti timumvetse tiyambire kutchire. Alenje a ku Britain ankafuna galu wamng'ono wotha kulowa m'ziyangoyango zaminga n'kuvumbulutsa mbalame zobisala pansi, makamaka ina yamlomo wautali yotchedwa woodcock. Kale ana a galu mmodzi ankawasiyanitsa pongowayeza kulemera: opepuka ankatchedwa cocker, okulirapo n'kumatchedwa mayina ena, monga springer. Bungwe lolembetsa mitundu ya agalu la Kennel Club, lomwe linakhazikitsidwa mu 1873, linadzazindikira cocker ngati mtundu paokha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890, ndipo English springer anatsatira mu 1902.

Ntchito ya ulenjeyo si yamasewera. Galu amathamanga uku ndi uku patsogolo pa mlenje, mphuno ili pansi, koma osapitirira pomwe mfuti ingafike. Mbalame ikauluka, iye amakhala pansi nthawi yomweyo, ngakhale thupi lonse likunjenjemera pofuna kuithamangira. Ikagwa amadikira kaye kuuzidwa, kenaka amakaitola n'kubwera nayo m'kamwa osaiboola ndi mano. Malangizo ambiri amawamva kudzera mu wezulo ndi dzanja la mlenje. Kwa mibadwo yambiri oweta ankasankha agalu okhoza zimenezi, ndipo zotsatira zake ndi galu wophatikiza zinthu ziwiri zovuta kuzipeza pamodzi: changu chosatha ndi khutu lomvera munthu.

Nanga nzeru zake tingaziyeze? Amene anayesapo n'kutchuka nazo ndi Stanley Coren, yemwe anali pulofesa wa maphunziro a kaganizidwe pa University of British Columbia ku Canada. M'buku lake la mu 1994, The Intelligence of Dogs, anasanja mitundu ya agalu potengera mayankho a oweruza pafupifupi 200 a mipikisano ya kumvera. Border collie anakhala woyamba, poodle wachiwiri, German shepherd wachitatu. English springer anakhala pa nambala 13, English cocker pa 18, ndipo mbale wake wa ku America pa 20. Gulu lomwe muli a spaniel atatuwa limagwira lamulo latsopano likabwerezedwa ka 5 mpaka ka 15, ndipo limamvera pa kuuzidwa koyamba ka 85 kapena kuposerapo pa maulendo 100 aliwonse.

Amenewo ndi malo apamwamba pakati pa mitundu yoposa 100. Koma Coren yemweyo anachenjeza kuti mndandandawo ukuyeza nzeru za mtundu umodzi wokha, za kumvera malamulo. Iye anatchulanso nzeru zobadwa nazo, monga kusaka kapena kukusa nkhosa, ndi nzeru zothetsera vuto pawekha. Apa m'pamene cocker amawalira. Mphuno ya munthu ili ndi timaselo tomva fungo pafupifupi 6 miliyoni, pomwe ya galu ili nato toposa 100 miliyoni. Agalu onse ali ndi mphatso imeneyi, koma si onse ali ndi khama lofufuza ola lathunthu osagwa ulesi. Spaniel amafufuza ngati kuti moyo wake wagona pamenepo, ndipo kuchepa kwa thupi kumamulola kukwawira pansi pa mipando ya basi, kukwera pamwamba pa katundu ndi kulowa m'makona momwe galu wamkulu sangakwane. N'chifukwa chake apolisi, asilikali ndi oyang'anira m'malire a Britain amakonda cocker ndi springer pa ntchito yosaka mabomba, mfuti, ndalama ndi mankhwala ozunguza bongo. Amene anaterako pa bwalo la ndege la Heathrow mwina anamuonapo akununkhiza zikwama.

Springer wina dzina lake Theo ankagwira ntchito ku Helmand, m'dziko la Afghanistan, ndi msilikali Liam Tasker. M'miyezi isanu anapeza mabomba ndi zida zobisika maulendo 14. Pa 1 Malichi 2011 Tasker anawomberedwa n'kufa, ndipo patangopita maola ochepa Theo anakomoka n'kufanso. Chaka chotsatira anapatsidwa mendulo ya Dickin, ulemu waukulu kwambiri wa nyama zotumikira pa nkhondo.

Mphuno yomweyo yafika ndi m'chipatala. Mu 2004 magazini ya madokotala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa pa chipatala cha Amersham, momwe agalu 6 anaphunzitsidwa kuzindikira khansa ya m'chikhodzodzo ponunkhiza mkodzo. Galu ankayenera kusankha mbale imodzi mwa 7. Kungolota chabe kukanapereka 14 pa 100, koma agaluwo anakhoza 41 pa 100, ndipo amene anaposa anzawo anali a cocker awiri, omwe anafika pa 56. Mmodzi mwa ophunzitsa agaluwo, Claire Guest, anadzakhala mmodzi mwa oyambitsa bungwe la Medical Detection Dogs mu 2008. Bungweli ndi lomwe linagwira ntchito ndi Durham University pa kafukufuku wa malungo wa mu 2018, momwe agalu ankanunkhiza masokosi omwe ana a sukulu a ku Gambia anagona atavala. Anazindikira ana 70 pa 100 omwe anali ndi tizilombo ta malungo. Agalu awiri oyamba pa kafukufukuyu anali a mtundu wina, koma wachitatu wophunzira lusoli anali springer dzina lake Freya.

Pa bungwe lomweli pali nkhani ina yofotokoza bwino khalidwe la galuyu. Cocker wina, Asher, anasinthasintha makomo kangapo chifukwa eni ake ankamulephera: sankakhala pansi, sankatopa. Atafika kwa ophunzitsa, vuto lija linasanduka chuma, ndipo anakhala mmodzi mwa agalu oyamba kuphunzitsidwa kuzindikira fungo la Covid-19 mu 2020. Galu anali yemweyo. Chinasintha n'chakuti anapatsidwa ntchito.

Ndiye mbiri ya ukali inachokera kuti?

Mbali ina inabwera ndi kutchuka. Pa chionetsero cha agalu cha Crufts, cocker wa ku England wapambana mphotho yaikulu ka 7, ndipo ka 6 mwa maulendowo anali agalu a munthu mmodzi, H. S. Lloyd, pakati pa 1930 ndi 1950. Ku America, komwe mtundu wawo wamutu wozungulira ndi ubweya wambiri unalekanitsidwa ndi wa ku England mu 1946, cocker ndiye anali galu wolembetsedwa kwambiri kuyambira 1936 mpaka 1952, n'kubwereranso pamwamba kuyambira 1983 mpaka 1990. Kanema wa Disney wa mu 1955, Lady and the Tramp, anangowonjezera chikoka. Galu akalowa m'fasho chonchi, amalonda amabereketsa mwachisawawa. Amayang'ana ubweya wonyezimira ndi maso okongola, osafunsa ngati make ndi wamantha kapena ngati bambo wake amaluma. Ogula nawonso amatengeka ndi nkhope. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mbali ina ndi yoona ndithu, ndipo siyenera kubisidwa. Mu 1996 Anthony Podberscek ndi James Serpell anafalitsa kafukufuku wa a cocker oposa 1,000 a ku Britain. Anapeza kuti aubweya wa mtundu umodzi ankalusa kawirikawiri kuposa amawangamawanga, ndipo ofiirira ngati golide ndiwo ankaposa onse. Mu 2023 akatswiri a ku Royal Veterinary College anaunika zolembedwa za kuchipatala za a cocker oposa 10,000. Ukali unalembedwa pa agalu pafupifupi 4 pa 100 aliwonse, koma pa agolide unafika cha pa 12. Izi zikusonyeza kuti m'mabanja ena a agaluwa muli mtima wapachala wotengera ku makolo. Zikusonyezanso kuti a cocker 96 pa 100 analibe dandaulo lotere. Matenda enieni olusa mwadzidzidzi popanda chifukwa, omwe anapatsa mtunduwu dzina loipa, ndi osowa kwambiri. Agalu ambiri omwe amanenedwa kuti apenga amakhala akuteteza chakudya, akuchita mantha kapena akumva ululu.

Nkhani ya ululuyi ndi yofunika. Kafukufuku yemweyo wa mu 2023 anapeza kuti vuto lalikulu la agaluwa ndi matenda a nkhama ndi mano, omwe anagwira galu mmodzi mwa 5 aliwonse. Motsatira panabwera kutupa kwa m'makutu ndi kunenepa kwambiri, chilichonse pa galu mmodzi mwa 10. Makutu olendewera aja amatseka mpweya, m'kati mumakhala chinyezi, ndipo tizilombo timaswana. Galu amayamba kupukusa mutu, kudzikanda, khutu n'kumanunkha. Mwana akabwera n'kulikoka khutu loterolo, galu amaluma, ndipo mlandu umagwera mtundu wonse.

Kuphunzitsa cocker n'kosavuta kwa munthu wodekha. Galuyu amakonda chakudya, amakonda mpira, ndipo amafunitsitsa kukondweretsa mwini wake. Ophunzitsa agalu onunkhiza sagwiritsa ntchito chikwapu. Amabisa kampira pamodzi ndi fungo lomwe akufuna, galu akalipeza amamuponyera mpirawo, ndipo pang'onopang'ono amazindikira kuti fungolo ndiye khomo la masewera. Pakhomo njira ndi yomweyo. Mwini amatenga kanyama m'dzanja, amakakweza pamwamba pa mphuno ya galu, mutu ukadzuka matako amatsika okha, ndipo pompo amanena kuti “khala” n'kumupatsa. Mphindi 5 kapena 10 patsiku, mawu omwewo, anthu onse a m'nyumba akunena zofanana, ndi zokwanira. Kafukufuku wa ku University of Bristol wa mu 2004, yemwe anafunsa eni agalu oposa 300, anapeza kuti agalu ophunzitsidwa ndi mphotho ankamvera kwambiri, pomwe olangidwa kawirikawiri ankasonyeza makhalidwe ovuta ochuluka. Cocker ndi wofewa mtima. Akamenyedwa amanyentchera, amakodza ndi mantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma.

Chovuta chenicheni ndi kumuitana mphuno ikagwira fungo. Pamenepo makutu aatali aja amakhala ngati sakumva. Eni ake anzeru amayamba kumuphunzitsa kubwera akadali kamwana, pa chingwe chachitali, ndipo samukalipira akabwera mochedwa, poopa kuti angaphunzire kuti kubwera n'kolangitsa. Amamupatsanso zosaka: kumwaza chakudya chake m'kapinga, kubisa chidole kuseri kwa chitseko, kumuyendetsa ola lathunthu kapena kuposa tsiku lililonse. Ayeneranso kudziwa kuti a cocker a ku England ali pawiri. Alipo achionetsero, aubweya wambiri ndi odekhako, ndiye alipo aulenje, owonda, amakutu aafupiko, omwe mphamvu zawo zimatopetsa banja losakonzeka.

M'matauni mwathu agalu a mitundu yakunja akuchuluka, ndipo ambiri amagulidwa pongoona chithunzi pa foni. Amene akufuna mlonda wa pageti asataye ndalama pa cocker, chifukwa akhoza kuuwa pang'ono kenaka n'kulandira mlendoyo ndi mchira. Amene akufuna kumumanga pa tcheni kapena kumutsekera m'khola usana wonse adzakolola kulira, kukumba ndi kutafuna nsapato. Ubweya wake umakola chisoso ndi nkhupakupa, choncho umafuna kupesedwa kawirikawiri, ndipo katemera wa chiwewe ndi wosakambirana.

Owerenga amene mwatsimikiza mtima, pitani mukaone kumene kagaluko kabadwira. Onani make, muone ngati amalola kugwidwa ndi mlendo, funsani za khalidwe la bambo wake, ndipo musasankhe chifukwa cha mtundu wa ubweya wokha. Cocker amakhala ndi moyo zaka 11 kapena kuposerapo. Ngati simungamupatse nthawi ndi chochita tsiku lililonse pa zaka zonsezo, musiyireni wina amene angathe.