Fisi wa pogona tamusunga mokwana

"Ukapitiriza kulira ndikutulutsa panja fisi akudye." Mawu awa amamveka ku Ndirande, amamvekanso ku Area 47, ndipo ena owanena ali ndi madigiri awo. Amagwiradi ntchito, mwana amati zii. Koma amene wati ziiyo sanagone. Wangofunda kumutu, maso ali tong'o, akumvetsera fisi.

Mwana wa zaka 3 mpaka 6 sanafike posiyanitsa bwino zoona ndi zongoganiza. Malaya opachika pamsomali, magetsi akazima, kwa iye ndi munthu waima. Ndiye wamkulu amene iye amamudalira akubwera kudzamutsimikizira kuti mumdimamo mulidi chinthu chodya ana. Tsono taonani chotsatira: m'nyumba zambiri chimbudzi chili panja, komwe tangoikako fisi uja. Mwana amangodzigwira mpaka kukodza pamphasa. Kukacha timukwapula, nkuyanika mphasayo poti anzake aone. Mantha tamupatsa ndife, chilango tamupatsanso ndife.

Ndikudziwa yankho lanu: "Ife tinakula choncho, tili bwinobwino." Tili bwino? Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe mpaka kufika ku Blantyre, anthu akuluakulu nkumachezera usiku wonse, ndipo ena osalakwa anaphedwa. Sindikunena kuti fisi wa pogona ndiye anapha anthuwo. Nkhaniyo ili ndi mizu yambiri. Koma munthu amene anauzidwa ali ndi zaka 4 kuti agogo a kuseriko amatamba usiku sayamba kuwakayikira atakula. Anayamba kale, ali pamphasa.

Nthano musaziikemo. Fisi wa m'nthano ndi chitsiru chimene Kalulu amachipusitsa, ndipo mwana amamva nkhaniyo ali pamiyendo pa munthu, ena akuseka. Zimenezi nzosiyana ndi filimu ya afiti ya ku Nigeria imene timaonera pafoni mwana ali pambali, kenako nkumuuza kuti akagone yekha.

Zoyenera kuchita sizilira ndalama. Mufunseni chimene waona, muyatse tochi, mupite naye akagwire yekha malaya aja. Musanamizire kuthamangitsa chilombo kunsi kwa bedi, chifukwa mukatero mwavomereza kuti chinalimo. Muikireni kandowa pafupi, kapena mumuuze kuti akudzutseni ndipo simukalipa. Akadzuka ndi loto loipa, khalani naye mpaka mtima utsike. Mafunso oti walota ndani asiyeni, pakuti ndi mafunso amenewo amene amathera pakhomo pa nkhalamba ya pamudzi.

Tikamapita kutchuthi, ana a achemwali athu amapatsidwa kwa ife kuti tiwagoneke. Wina akadzayamba za fisi muli pomwepo, kaya ndi amayi anu, auzeni mwaulemu kuti mwanayo mumugoneka nokha.