Waya wofiira suwonjezera liwiro

Mwezi wa February ndinakwera Corolla yakale kuchoka ku Lundazi kubwerera kwathu ku Chama. Tisananyamuke, dalaivala, mnyamata wa msinkhu wa mng'ono wanga, anatsegula boneti kutionetsa mawaya atsopano a mapulagi, ofiira psuu, onenepa ngati chala. Wogulitsa anamulonjeza kuti galimoto izithamanga kwambiri, petulo izimwa pang'ono.

Titangodutsa chithaphwi chachiwiri, injini inayamba kutsokomola, galimoto yonse n'kumanjenjemera. Tinaima pansi pa mtengo wa tsanya. Bambo wina amene tinali naye, makaniko wopuma ntchito, anazula waya umodzi n'kutionetsa. Mphira wa kumapeto sunali kutseka bwino dzenje la pulagi. Madzi anali atalowa, moto n'kumathawira pa chitsulo cha injini m'malo mokafika pa pulagi. Mwayi wake, mawaya akale akuda anali akadali m'buti. Ndi amene anatifikitsa.

Sindikumuseka mnyamatayo. Ndalama imene anataya ndi ya thukuta, yonyamulira anthu ndi matumba a mpunga pa msewu wosamva chisoni. N'chifukwa chake ndikulemba.

Ntchito ya waya wa pulagi ndi imodzi yokha: kunyamula moto wa mavoti oposa 20,000 kuchoka ku distributor kukafika pa pulagi osautaya panjira. Wayawo supanga moto. Moto umapangidwa ndi koyilo. Ngati injini yanu ili monga momwe inachokera ku Japan, mawaya amene Toyota inaikamo amanyamula kale moto wokwanira kuyatsa petulo, ndipo waya wonenepa sungawonjezerepo mphamvu. Ena amalumbira kuti galimoto inasintha atangoika ofiira, koma nthawi zambiri amakhala kuti achotsa mawaya ong'aluka. Aliwonse atsopano abwino akanachita chimodzimodzi.

Mawaya enieni a mpikisano alipo ndithu. Mkati mwake muli kachingwe kokulungidwa mozungulira, kunja kuli silicone wochindikala wopirira kutentha. Amathandiza injini zosinthidwa, zokhala ndi koyilo yamphamvu. Koma ambiri amene amapachikidwa m'timashopu angofiira kunja. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere.

Kuno ku chigwa cha Luangwa mdani wa waya ndi kutentha kwa October, fumbi la msewu wa Matumbo ndi madzi a dzinja. Waya wotipirira ndi umene utali wake ndi mphira wake zinapangidwira injini yathuyo. Choncho popita ku shopu ku Chipata kapena ku Lusaka, tengani nambala ya injini, kaya ndi 4A-FE kapena 5A-FE, ndipo funani a Toyota, Denso kapena NGK enieni. Yambani mwaona ngati galimoto yanu imawafuna n'komwe. Vitz ndi ma Corolla a injini ya 1NZ-FE ali ndi koyilo pa pulagi iliyonse, ndipo Canter ya dizilo ilibe mapulagi a moto.

Kuyesa akale sikufuna ndalama. Lizani injini usiku pamdima, boneti ili yotsegula, manja muli kutali. Mukaona timoto tabuluu tikuthetheka pa waya, watha. Makaniko wokhala ndi mita angakuyezereninso: pa 4A-FE waya umodzi usapitirire ma ohm 25,000. Posintha, zimitsani injini, kokani pa mphira osati pa waya, ndipo chotsani umodzi umodzi kuti musasokoneze dongosolo la 1-3-4-2.

Galimoto imene imanyamula mpunga Lachisanu ndi yomweyo imene idzagogodedwe pakati pa usiku kuti ithamangitse mayi woyembekezera ku chipatala. Usiku umenewo palibe amene adzatsegule boneti kusirira mtundu wa mawaya. Tonse tidzangomvetsera ngati injini yalira.