Kalata za Ana a ku China Zili ndi Phunziro kwa Sukulu za M'malire

Pa 23 Januwale 2020 boma la China lidatseka mzinda wa Wuhan, m'chigawo cha Hubei, kumene mliri wa Covid-19 udayamba kuonekera. Anthu pafupifupi 11 miliyoni adakhala m'bindikiro masiku 76, kufikira pa 8 Epulo. Mabasi, sitima ndi ndege zonse zidaima. Sukulu za m'dziko lonselo, zomwe zidali pa tchuthi cha chaka chatsopano cha Atchaina, sizidatsegulidwe pa tsiku lake. Koma Unduna wa Maphunziro udalamula kuti ngakhale zitseko zili zotseka kuphunzira kusaime, ndipo kuyambira pa 17 Febuluwale maphunziro adayamba kufika m'makomo kudzera pa intaneti ndi pa wailesi yakanema.

M'miyezi imeneyo aphunzitsi ambiri a Chingelezi adachita chinthu chooneka chaching'ono. Adauza ana kuti alembe ndi kuyankhula m'Chingelezi za moyo umene akukhala pa nthawi ya mliri: momwe amadzukira, zomwe amadya, momwe amasambira m'manja, ndiponso momwe akusowera anzawo. Nzeru imeneyi ndi yoyenera kuiganizira bwino, chifukwa chiyankhulo chachilendo chimalowa mwa mwana pamene mwanayo akuchigwiritsa ntchito ponena zinthu zimene waona ndi maso ake. Chiyankhulo chongoloweza pamtima chimatha mayeso akatha.

Kuti nkhaniyi imveke, m'pofunika kudziwa malo amene Chingelezi chili nawo ku China. Kuyambira m'chaka cha 2001 boma lidakonza kuti ana aziyamba kuchiphunzira ali m'kalasi yachitatu ya pulayimale. Pomaliza sekondale pali mayeso aakulu otchedwa gaokao, amene amasankha yemwe apite ku yunivesite ndi yemwe atsale. M'zigawo zambiri mayesowa amakhala ndi malikisi 750, ndipo 150 mwa iwo ndi a chiyankhulo chachilendo, chomwe kwa ana ochuluka ndi Chingelezi. M'chaka cha 2020 mliri udachititsa kuti mayesowa achedwe ndi mwezi wathunthu, ndipo adayamba pa 7 Julayi. Amene adalembetsa adapitirira 10 miliyoni.

Pa pepala la Chingelezi pamakhala kawirikawiri ntchito yolemba kalata yaifupi. Wophunzira amauzidwa kuti adziyese Li Hua, mwana wasukulu wongopeka amene ana a sekondale a ku China amamudziwa ngati mbale wawo. Li Hua amalembera mnzake wa kunja, kumuitanira ku chikondwerero kapena kumufotokozera mwambo wina. Popeza ntchitoyi imabwerabwera chaka ndi chaka, ana ambiri amangoloweza ziganizo zokonzakonza n'kukazitaya pa pepala. Atchaina eniake adachipatsa dzina Chingelezi chotere: amati ndi Chingelezi chosalankhula. Mwana amakhoza bwino mayeso, koma mlendo akamufunsa njira ya kumsika amangoti kukamwa yasa.

Mliri udabweretsa nkhani imene siinkapezeka m'buku lililonse. M'ntchito zoyeserera, Li Hua adayamba kulembera mnzake wa kunja za kuvala masiki, za kuyezedwa kutentha kwa thupi pachipata, ndi za kuphunzira pa foni uku makolo ali pambali. Mwana wolemba kalata yotere sadafunike kupeka kanthu. Nkhani adali nayo kale m'mutu. Chimene chinkasowa ndi mawu okha. Apa ndi pamene pagona chinsinsi. Mwana akapatsidwa mutu wa zinthu zomwe sadazionepo, amasenza mitolo iwiri nthawi imodzi: kufuna choti anene ndi kufuna mawu onenera. Akapatsidwa mutu wa moyo wake, mtolo umodzi watuliridwa, ndipo mphamvu zake zonse zimapita ku chiyankhulo. Mawu amene wawafunafuna yekha chifukwa akuwasowa sawaiwala msanga.

Palinso phindu lina. M'Chitchaina mneni sasintha kaya chinthu chidachitika dzulo kapena chichitika mawa. Nthawi imaoneka ndi mawu ena oikidwa pambali. M'Chingelezi mneni amasintha, ndipo ana a ku China amapunthwa kwambiri pamenepa. Komanso poyankhula Chitchaina, mawu onena mwamuna ndi onena mkazi amamveka chimodzimodzi, monga momwe liwu loti "iye" limachitira m'Chinyanja, pamene Chingelezi ndi Chipwitikizi zimasiyanitsa. Mwana wofotokoza zimene mayi ake adachita dzulo ndi zimene bambo ake achite mawa amakakamizika kukonza zonsezi, osati chifukwa choopa mphunzitsi ayi, koma chifukwa akufuna kuti womvera asasokoneze mayi ndi bambo.

Komabe si zonse zidayenda bwino, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kunamiza anthu. Choyamba, maphunziro a pa intaneti adasiyanitsa olemera ndi osauka. Nyuzipepala za ku China komweko zidalemba za ana a kumidzi amene ankakwera phiri kapena denga la nyumba pofuna netiweki, ndi za mabanja amene ana angapo ankalimbirana foni imodzi. Ngakhale ana a m'tauni adatopa nazo. Ambiri a iwo adapangana zopereka malikisi otsikitsitsa ku pulogalamu ya DingTalk, yomwe sukulu zinkagwiritsa ntchito, poganiza kuti ikanyozedwa kwambiri ichotsedwa ndipo iwo apuma. Izi zikuonetsa kuti mphamvu ya njirayi siidali m'makina. Idali m'funso limene mphunzitsi ankafunsa.

Chachiwiri ndi chachikulu koposa: kulemba za moyo wako kumapindula pokhapokha ngati uli ndi ufulu wonena zoona. Ku Wuhan komweko, Dokotala Li Wenliang, katswiri wa maso, adachenjeza madokotala anzake za matendawa pa 30 Disembala 2019. Pa 3 Januwale apolisi adawaitana n'kuwadzudzula kuti akufalitsa mphekesera. Adamwalira ndi matenda omwewo pa 7 Febuluwale 2020, ndipo pambuyo pake chidzudzulocho chidachotsedwa, boma n'kuwalemekeza ngati ngwazi. Mayi Fang Fang, mlembi wotchuka wa mumzindamo, ankalemba tsiku ndi tsiku zimene ankaona ndi kumva m'bindikiro. Zolembazo zitamasuliridwa m'Chingelezi ndi Michael Berry n'kusindikizidwa kunja m'chaka cha 2020, anthu ambiri a kwawo adawanyoza kuti achititsa manyazi dziko.

Mwana amaona zonsezi ndipo amaphunzirapo. Akazindikira kuti kalata yotamanda chipatala cha Huoshenshan, chomwe chidamangidwa m'masiku pafupifupi 10, ndiyo imalandira malikisi, pamene kalata yonena za mantha ndi kutopa imaonedwa ndi diso lofiira, amabwerera ku ziganizo zoloweza zija. Pamenepo phunziro lafa. Chimodzimodzi m'chaka cha 2022, pamene mzinda wa Shanghai, wa anthu pafupifupi 25 miliyoni, udatsekedwa miyezi iwiri ndipo mabanja ambiri adavutika kupeza chakudya: mwana wa kumeneko woletsedwa kutchula njala sakadalemba kalata yoona. Mphunzitsi wofunsa za moyo wa mwana ayenera kukhala wokonzeka kumva yankho, ngakhale likhale lowawa.

Chachitatu, pali ana amene adataya kholo kapena agogo. Mwana wotere sayenera kuumirizidwa kutsegula bala lake pamaso pa kalasi. Apatsidwe mwayi wosankha: akafuna alembe za maliro, akafuna alembe za mphaka wa panyumba. Zonse ndi moyo wake.

Kodi zonsezi zikukhudza bwanji anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, Zóbuè kapena Mandimba? Zikuwakhudza chifukwa mwana wa m'malire ndi mwana wa ku China ali pa ntchito yofanana: onse akulimbana ndi chiyankhulo chimene sadayamwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku China amaphunzira masamu ndi sayansi m'Chitchaina, Chingelezi n'kukhala phunziro limodzi chabe, pamene wa m'malire amakumana ndi Chipwitikizi pafupifupi m'maphunziro onse, kenaka Chingelezi n'kudzawonjezeka pamwamba. Kalembera wa 2017 adaonetsa kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 alionse m'Mozambique ndiwo adabadwira m'Chipwitikizi. M'midzi ya m'malire mwana amachimva m'kalasi, akaweruka chimatsala komweko.

Mliri womwewo udaonetsa poyera kuopsa kwa zimenezi. Munthu woyamba kupezeka ndi matendawa m'Mozambique adalengezedwa pa 22 Malichi 2020, ndipo tsiku lotsatira sukulu zonse zidatsekedwa mwa lamulo la a Filipe Nyusi, amene adali Pulezidenti nthawi imeneyo. Maphunziro ankaulutsidwa pa wailesi ndi pa kanema, ndipo sukulu zinkagawa mapepala a ntchito aja otchedwa fisha. Koma kumudzi kopanda magetsi, kumene kholo silidziwa Chipwitikizi, fisha idali ngati khasu lopanda mpini. Makalasi a mayeso adayamba kubwerera kumapeto kwa chakacho, koma ana aang'ono ambiri adakhala panyumba kufikira 2021. Amene Chipwitikizi chawo chidali chongoloweza adabwerera m'kalasi chitauluka. Ena sadabwerere n'komwe: anyamata adalowa m'maganyu ndi m'malonda a pamsika, atsikana ena adalowa m'banja nthawi isadakwane.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 sikuonedwanso ngati ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma vuto la kaphunzitsidwe lidatsala. M'makalasi ambiri mphunzitsi amalemba pabolodi, ana n'kukopera m'makope, kenaka onse n'kubwereza mokweza mawu amodzimodzi. Munthu wodutsa panja amayesa kuti ana akudziwa. Koma mwana yemweyo akauzidwa kuti afotokoze m'Chipwitikizi momwe adathandizira kukumba mbatata dzulo, amaweramitsa mutu. Chimenechi ndi Chipwitikizi chosalankhula, mphwake wa Chingelezi chosalankhula cha ku China.

Ena anganene kuti mphunzitsi wa kumudzi ali ndi ana ochuluka m'kalasi imodzi, alibe mabuku okwanira, ndipo ayenera kutsiriza zimene Unduna udakonza. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe angamunyoze. Koma njira ikunenedwa panoyi siifuna foni, magetsi kapena buku latsopano. Imafuna kope, pensulo ndi mphindi khumi. Mwana ayambe wafotokoza nkhani yake m'Chinyanja kwa mnzake wokhala naye pafupi. Kenaka alembe mizere isanu yokha m'Chipwitikizi, kapena m'Chingelezi ngati ali ku sekondale. Mawu amene akusowa afunse, mphunzitsi awalembe pabolodi kuti onse apindule. Pokonza, mphunzitsi asadzaze pepala ndi inki yofiira. Asankhe cholakwa chimodzi, monga nthawi ya mneni, zinazo zidikire mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyamba ndi Chinyanja si kubwerera m'mbuyo ayi. Chigawo cha Tete ndicho chimodzi mwa zigawo ziwiri zimene zidayesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja ku Tete ndi Chishangana ku Gaza, ndipo kuchokera m'chaka cha 2003 njirayi idayamba kufalikira m'sukulu zina za boma. Maganizo ake ndi omwewa: mwana amakwera kupita ku chiyankhulo chatsopano ataponda pa chimene akudziwa kale.

Nkhani zoti ana alembe sizisowa. Ana okulirapo akukumbukira chaka chimene adakhala panyumba, masiki a nsalu ya chitenje, ndi ndowa ya madzi pakhomo la tchalitchi. Alipo amene adaona namondwe Ana m'Januwale 2022, pamene madzi a mtsinje wa Revúbuè adagwetsa mlatho pafupi ndi mzinda wa Tete. Alipo odziwa za kolera, za mtengo wa feteleza, za tsiku la msika, ndi za kuoloka malire pa Calómuè popita ku Dedza. Mwana amene angathe kufotokoza zinthu izi m'Chipwitikizi adzathanso kufotokoza matenda a mayi ake kwa namwino, kulemba kalata yofunsira ntchito ku Moatize, ndi kuwerenga pepala asadasayine.

Makolo nawo ali ndi mbali yawo. Ambiri a m'malire adakhalapo ku Malawi ndi ku Zambia pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, ndipo ena adaphunzira Chingelezi m'sukulu za kumeneko. Chuma chimenechi chisangokhala m'mutu mwa agogo. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga lingathe kufunsa mwana madzulo kuti awerenge zomwe walemba ndi kumasulira m'Chinyanja. Mwana akadziwa kuti kunyumba kuli womumvera, amalemba mosamala. Makomiti a sukulu ndi mafumu, pa misonkhano yawo ndi aphunzitsi, asamangofunsa za ana angati akhoza mayeso. Azifunsanso ngati ana akutha kunena zawozawo m'chiyankhulo chimene akuphunzira.

Li Hua ndi mwana wongopeka, koma kalata zimene zidalembedwa m'dzina lake m'chaka cha 2020 zidakhala zamoyo paliponse pamene mwana weniweni adaloledwa kuikamo zoona zake. Ana a m'malire safunika dzina lobwereka. Ali ndi mayina awo, midzi yawo ndi nkhani zawo. Chotsala n'chakuti mphunzitsi awafunse, ndipo akafunsa amvetsere. Mmera m'poyamba.