Alenje a agalu a ku Salima akhale ndi makalabu awo

Mpunga wa ku Lifuwu ukangolowa m'matumba, udzu wa m'madambo n'kuuma, m'tinjira ta kumidzi ya ku Salima mumayamba kuoneka anyamata ndi abambo atanyamula zibonga, nkhwangwa ndi makasu, chigulu cha agalu chili pambuyo. Amenewo akupita ku uzimba. Madzulo ena amabwerako ndi kalulu kapena ntchenzi, madzulo ena chimanjamanja, ndipo kawirikawiri kumene achokerako kumatsala kukufuka utsi.

Magulu amenewa alibe dzina, kaundula, mlembi kapena msungichuma, koma ndi magulu enieni. Amapangana tsiku ndi malo okumanirana. Ali ndi mkulu wodziwa kumene nyama zimagona ndi kumene zimamwa madzi. Ali ndi kagawidwe kawo ka nyama, ndipo mwini galu amene wagwira sangamanidwe gawo lake. Chomvetsa chisoni n'chakuti akuluakulu a boma amakumbukira anthu amenewa pokhapokha tchire likapsa kapena wina akagwidwa ali m'nkhalango yotetezedwa. Pamenepo boma likutaya mwayi. Anthu amene ali ndi agalu ambiri kuposa wina aliyense m'mudzi, amenenso agalu awo amawamvera, akuyenera kulembedwa, kupatsidwa malamulo ndi kusenzetsedwa udindo monga kalabu, m'malo momangothamangitsidwa.

Kumaiko kumene kusaka ndi agalu kunakhazikika m'malamulo, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi makalabu. Ku Germany bungwe lalikulu loona za agalu osakira, lodziwika ndi zilembo zakuti JGHV, linayamba mu 1899. Ku North America kuli bungwe la NAVHDA, limene linakhazikitsidwa mu 1969 ndipo lili ndi nthambi m'madera ambiri a United States ndi Canada. Mabungwewa amafuna galu mmodzi wodziwa zonse: kufufuza nyama m'tchire, kuima n'kuloza pamene mbalame yabisala, kutsata fungo la nyama yovulala, kulowa m'madzi n'kubweretsa bakha kwa mbuyake osamudya panjira. Mitundu ngati German Shorthaired Pointer, Weimaraner ndi Vizsla inatchuka chifukwa cha luso limeneli. Membala amalipira ndalama ya pachaka, amabwera ndi galu wake pamasiku ophunzitsira, ndipo alenje akale amathandiza atsopano. Ku NAVHDA galu wosapitirira miyezi 16 amayesedwa luso lobadwa nalo, kenaka akakula amayesedwa ntchito yonse. Agalu sapikisana okhaokha ayi. Aliyense amayesedwa ndi muyezo umodzi wolembedwa. Cholinga chimene amachitchula kawirikawiri n'chakuti nyama yolasidwa isakafere kutchire pachabe.

Mlenje wa kwa Khombedza kapena kwa Maganga alibe mfuti ya zipolopolo zomwazika, ndipo sakufunika galu wa ku Ulaya wodya chakudya cha m'sitolo. Galu wakumudzi, wamiyendo yaitali ndi mphuno yosongoka uja, ndi wodziwa zambiri kale. Usiku amalondera khola la mbuzi. Chimanga chikakhwima amathandiza kupirikitsa anyani ndi apusi kumunda. Chilimwe amatsata kalulu, amafukula ntchenzi m'mabango, amaulutsa nkhwali ndi nkhanga. Amapirira kutentha kwa kunyanja ndi nkhupakupa zimene zingagwetse galu wachizungu m'masabata ochepa. Pakati pa agaluwo pamakhala wamkulu amene ana agalu amaphunzirako, ndipo akayamba kukumba, alenje onse amathamangira pomwepo, pakuti galu wamkota sakandira pachabe. Brian Morris, katswiri wa chikhalidwe cha anthu amene anakhala zaka zambiri m'Malawi muno, anafotokoza m'buku lake la 1998 lotchedwa The Power of Animals momwe kusaka kunalili ndi miyambo yake, zoletsa zake ndi ulemu wake kwa mfumu mwini dziko. Uzimba sunali chipwirikiti. Chimene chatha m'madera ambiri ndi malamulo aja, pamene agalu ndi zibonga zidakalipo.

Zotsatira zake zimaoneka chaka ndi chaka. Choyamba ndi moto. Gulu losaka likafuna kuti nyama zituluke msanga limayatsa tchire, ndipo mphepo ya mwera kapena kamvuluvulu wa mu Okutobala akaunyamula motowo, wouyatsa sangauzimitsenso. Umapsereza udzu wofolera nyumba, msipu wa ng'ombe, mitengo ing'onoing'ono imene ikuphuka kumene, ndi mapesi amene mlimi anasiya dala kuti aphimbe nthaka. Mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yopanda chofunda, dothi limakokoloka n'kulowa mu Linthipe ndi mu Lifidzi mpaka kunyanja, kumene matope amakwirira malo oswanirana nsomba. Msodzi wa ku Senga Bay kapena ku Chipoka amalipira nawo mtengo wa kalulu amene sanadyeko n'komwe. Lamulo loteteza nyama zakutchire, limene linakhazikitsidwa mu 1992, limaletsa kusaka ndi moto, koma lamulo lili m'buku ku Lilongwe silizimitsa lupsa ku Mpatsanjoka.

Nyama zikatha m'madambo a m'midzi, maso amatembenukira kumene zatsala. Salima ili ndi malo otere. Nkhalango ya Kuti, ya mahekitala pafupifupi 2,000 kufupi ndi tauni, imasunga mbidzi, mphalapala, ngoma ndi mbawala. Nkhalango ya Thuma, kumapiri a kumadzulo, ili ndi njovu ndi njati, ndipo bungwe la Wildlife Action Group lakhala likuiyang'anira pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango kuyambira mu 1996. Chigulu cha agalu chikalowa m'malo ngati amenewa sichisankha: chimagwira yaikazi ya bere, chimagwira mwana wongobadwa kumene. Kuyambira mu 2017 lamulo lija linakhwimitsidwa, moti mlandu wokhudza nyama zotetezedwa kwambiri ungathe kutsekeretsa munthu mpaka zaka 30. Mnyamata amene amangotsatira anzake osadziwa malire angathe kutaya unyamata wake wonse m'ndende, ndipo palibe amene anakhala naye pansi kumufotokozera zimenezi.

Koma nkhani yolemera kuposa zonse ndi chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amawatenga polumidwa ndi galu. Ana ndi gawo lalikulu la olumidwawo. Zizindikiro zikangoyamba, munthu sachira. Galu wosakira ali pachiswe kuposa wokhala pakhomo, chifukwa amakumana ndi nkhandwe ndi agalu a midzi ina, amalumana nawo polimbirana nyama, n'kubwerera madzulo kukagona pakhonde pamene ana akusewera. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akalandira katemera chaka chilichonse, matendawa amasiya kufala m'dera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya katemera agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 okha, ndipo ku Lilongwe bungwe la LSPCA limagwira ntchito yofanana nayo. Kumudzi chovuta chimakhala kusonkhanitsa agaluwo tsiku la katemera. Galu wosazolowera kugwidwa amathawa akangoona mlendo. Mlenje yekha ndiye angaimbe likhweru agalu khumi n'kubwera okha. Mlangizi wa ziweto amene ali ndi mayina a alenje a m'dera lake wamaliza theka la ntchito asanatsegule n'komwe bokosi la mankhwala.

Ena anganene kuti zamakalabuzi n'zachizungu. Ayi, Salima ili ndi chitsanzo chake pachilumba cha Mbenje, m'dera la Gogo Chalo Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko anaika lamulo lakuti chilumbacho chizitsekedwa nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala, n'kutsegulidwa cha mu Epulo ndi mwambo umene umasonkhanitsa khamu pa doko la Chikombe. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Asodzi amamvera chifukwa malamulowo ndi awo, owayang'anira ndi anzawo, ndipo utaka umene amapha chikatsegulidwa umawaonetsa phindu la kudikira. Ku nyanja ya Chilwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, alenje a mbalame anapanga makalabu mothandizidwa ndi bungwe la alenje la ku Denmark, n'kupatula malo oswanirana mbalame ndi nyengo yosasaka. Sizinayende bwino paliponse, makamaka zaka zimene nyanjayo inaphwa, koma zinasonyeza kuti mlenje wa ku Malawi angathe kulemba dzina lake m'kaundula n'kudziletsa yekha.

Kalabu ya alenje a agalu siyenera kukhala ndi zambiri. Ikhale pansi pa nyakwawa kapena gulupu, monga momwe makomiti a m'madoko a asodzi amayendera. Wolowa alembetse dzina lake ndi agalu ake onse, aliyense ndi maonekedwe ake, ndipo chiphaso cha katemera wa chiwewe chikhale khomo lolowera: galu wopanda chiphaso asapite ku uzimba. Ndalama ya umembala ikhale yochepa, yokwanira kugula mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa, komanso kuthandiza pa ulendo wa kuchipatala munthu akalumidwa ndi galu wa membala. Aliyense wa m'kalabumo adziwe kuti bala la galu limatsukidwa ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenaka wolumidwayo n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Woyatsa tchire achotsedwe. Wolowa ku Kuti kapena ku Thuma achotsedwe, ndipo anzake asamubise. Nyengo imene nyama zili ndi ana, agalu akhale pakhomo ndi kumunda.

Pali mwambo wina umene kalabu iyenera kulimbana nawo poyera. Alenje ena amakhulupirira kuti galu wokhuta sathamanga, choncho amamumana chakudya kuti akhale waukali. Nthiti za agalu ambiri a uzimba zimawerengeka munthu ali patali. Galu wanjala amagwira nkhuku za eni, amaba usipa pathandala, amadya nyama imene wagwira mwini wake asanafike, ndipo ndi iyeyo amene amaluma mwana wonyamula mkute. Kunyanja kuno madeya ndi zotsalira za nsomba sizisowa. Maphunziro oyamba a galu wa m'kalabu akhale osavuta: kubwera akaitanidwa, kusiya akauzidwa kuti asiye, kulola kumangidwa chingwe, kudutsa pakati pa mbuzi osazithamangitsa. Kamodzi pachaka, mwina pa 28 Seputembala pamene dziko lonse limakumbukira za chiwewe, agalu angayesedwe zimenezi pabwalo la mfumu, anthu akuonerera, katemera akubayidwa pomwepo. Ana amene amaponya miyala galu aliyense amene akumana naye angaone kuti nyamayi imamva mawu a munthu.

M'midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanja muli Asilamu, ndipo mabanja ambiri kumeneko salola galu kuyandikira m'nyumba. Kalabu ilemekeze zimenezi pouza mamembala ake kuti agalu azimangidwa podutsa pamzikiti, pamsika ndi padoko. Chiphunzitso cha Chisilamu chimalola kusunga galu wosakira kapena wolondera ziweto ndi minda, choncho palibe chifukwa chakuti mashehe atsale kunja kwa zokambiranazi. Galu wachiwewe akalowa m'mudzi amaluma aliyense.

Oteteza zachilengedwe ali ndi nkhawa yomveka. Iwo angafunse kuti: kulemba alenje m'kaundula si kudalitsa kupha nyama mozembera lamulo? Nkhawa imeneyi isanyozedwe, chifukwa nyama zatsala zochepa ndipo anthu akuchulukirachulukira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Salima lili ndi anthu oposa 470,000. Koma kalabu siipatsa munthu chilolezo chimene lamulo silinamupatse. Gwape, mbawala ndi nyama zina zotetezedwa zikhalabe zoletsedwa kwa wosakhala ndi chiphaso cha boma, ndipo nthambi yoona za nyama zakutchire ndiyo iyenera kubwera kudzafotokozera mamembala, m'Chichewa ndi m'Chiyao, nyama zimene angagwire ndi zimene sangakhudze. Panopa alenjewo akusaka kale, popanda wowauza chilichonse. Kuwasiya momwemo sikunapulumutse gwape ngakhale mmodzi. Ndipo ntchito yoyenera agalu awo ilipo yambiri: alimi a m'mphepete mwa mapiri a Senga ndi a kufupi ndi Thuma amachezera kumunda kulondera anyani ndi nguluwe, ndipo ambiri angalipire ndi chitini cha chimanga gulu la agalu omvera loti lizipirikitsa zilombozo nyengo ya zokolola.

Boma lenilenilo limadziwa kale mtengo wa mphuno ya galu. Kuyambira mu 2018, pabwalo la ndege la Kamuzu pali agalu ophunzitsidwa kununkhiza minyanga ya njovu, nyanga za chipembere ndi mamba a ngaka, ntchito imene apolisi ndi nthambi yoona za nyama zakutchire amagwira mothandizana ndi Lilongwe Wildlife Trust. Oyendetsa agalu amenewo ndi Amalawi. Mnyamata wa kwa Ndindi amene wakula akuwerenga mapazi a nyama pamchenga, amene amadziwa kusiyanitsa kuuwa kwa galu woona njoka ndi kwa galu woona kalulu, ali ndi luso limene oyang'anira nkhalango amafuna akamalemba alonda. Dzina lake likakhala m'buku la kalabu, lili ndi umboni wa mfumu kuti sanayatsepo tchire, angathe kuitanidwa ntchito yotere ikapezeka.

Poyambira sipafuna ndalama za mabungwe akunja. Khonsolo ya Salima ingasankhe magulupu awiri kapena atatu oyandikana ndi Kuti, kuitana mlangizi wa ziweto, woimira nkhalangoyo ndi akuluakulu a uzimba, n'kutsegula kaundula chilimwe chisanafike. Pofika Novembala, mfumu ndi mlangizi angawerenge agalu amene abayidwa katemera, anthu amene alumidwa ndi moto umene wayaka m'midziyo, n'kuyerekeza ndi midzi yoyandikana nayo imene ilibe kalabu.